Nyuzipepala zathuzi: tizigulabe kapena tingodikira za pa WhatsApp?

Mlimi_wa_kuDambo:
Anzanga, ndili ndi funso lomwe landisowetsa mtendere kuyambira Loweruka. Ndinapita pa boma kukagula mankhwala a ng'ombe, ndiye ndinati nditengeko nyuzipepala poti papita nthawi ndisanaigwire m'manja. Ndalama ndinaperekayo ikanakwana ndiwo za tsiku lonse kunyumba kwanga. Nditakhala m'minibasi n'kuyamba kutsegula: tsamba loyamba nduna yati, lachiwiri mneneri wa chipani wayankha, lachitatu nkhani yomwe ndinaiona kale pa foni Lachinayi. Pakati ponsepo malonda ndi zidziwitso za boma zofuna makontilakitala. Kwathu kuno mlatho unakokoloka dzinja latha, ana akuwoloka m'madzi popita kusukulu, amayi oyembekezera timazungulira nawo pa ngolo. Za zimenezi palibe ngakhale mzere umodzi. Tsono mphwanga wa ku Blantyre akundiuza kuti ndisiye kulandira nyuzipepala ija ya PDF imene imazungulira m'magulu m'mamawa, ati ndi kuba, ndizilipira pamwezi. Ndilipire chiyani kwenikweni? Ndithandizeni maganizo.

Kabaza_wa25:
Osalipira madala. Nkhani zonse zili pa Facebook ulere, bola bandulo.

Mayi_a_Mapasa:
Bandulo imeneyo mumatola pansi achimwene? Mukulipira kale. Kungoti ndalama yanu ikupita kwa eni netiweki, amene anapsa ndi dzuwa kukatola nkhaniyo sakuonapo kanthu.

Kabaza_wa25:
Bandulo yomweyo ndimaimbira makasitomala, ndimamvera nyimbo, ndimaonera mpira. Nyuzipepala ndikawerenga kamodzi yatha ntchito.

Cholembera_Chakale:
Bambo a kuDambo, funso lanu la mlatho ndikhoza kuliyankha chifukwa ndinakhalapo mtolankhani wa pa boma zaka zisanu ndi zinayi ndisanasiye. Ambiri mwa ife a m'mabomamu sitinali pa malipiro a pamwezi. Umalipidwa nkhani ikatuluka, ndipo ikapanda kutuluka ndiye kuti mayendedwe ako ndi mayunitsi ako zalowa m'madzi. Tsono taganizani. Mlatho wanuwo uli makilomita mwina 40 kuchokera pa boma. Ndikwere njinga yamoto ndi ndalama yanga, ndijambule, ndibwerere, ndisake injiniya wa kukhonsolo amene sakuyankha foni, ndisake phungu, kenaka nkhaniyo mkonzi aifinye ikhale ndime zinayi pa tsamba lamkati. Tsiku lomwelo bungwe lina likuchititsa msonkhano pa loji ya pa boma pomwepo. Galimoto akutuma, chakudya chamasana chilipo, pomaliza mumasaina papepala n'kulandira envulopu. Ife tinkaitchula kuti chipondamthengo, dzina lija la ndalama imene umapatsa sing'anga asanalowe m'tchire kukakumba mankhwala. Ena amangoti "logistics". Munthu uli ndi lendi, ana akufuna fizi. Upita kuti?

Sindikudziyeretsa, ndinalandirako kambirimbiri. Ndipo ukalandira sulemba kuti msonkhanowo unali wongodyera ndalama za opereka thandizo. Umalemba zimene mkulu wa bungwe wanena. Mwezi wamawa akakhala ndi nkhani yonunkha umayamba kaye waganiza kawiri. Ndiye nkhani za "wati, wati" zimene mukudandaulazo gwero lake ndi limeneli. Nkhani iliyonse pali amene amailipira. Mukapanda kulipira inu owerenga, amalipira ndi uja amene nkhaniyo ikumukamba.

Namondwe:
Ndiye mwavomera nokha kuti ndi zogulidwa. Tikuyamikani chifukwa cha chilungamo, koma ine ndalama yanga sindingaponye m'dengu lobooka.

Cholembera_Chakale:
Si onse achemwali. Ndinagwira ndi anthu okana envulopu, oyenda wapansi kuchoka kukhoti mpaka kuofesi. Vuto ndi loti amenewo sachedwa kutopa. Anzanga ambiri aluso lero ndi ofalitsa nkhani m'mabanki, m'mabungwe ndi m'maunduna. Amene atsala m'chipinda cholembera ndi achinyamata ongotuluka kumene ku maphunziro a utolankhani ku MIJ kapena ku yunivesite ya MUBAS, alibe wamkulu wowaongola.

Mphunzitsi_Wopuma:
Ndiloleni ndibwerere kumbuyo pang'ono, poti ena muno mudabadwa zinthu zitasintha kale. Nthawi ya chipani chimodzi tidali ndi Daily Times ndi Malawi News, kuphatikizapo Boma Lathu ya boma imene inkafika kumidzi m'Chichewa. Akatolika adali ndi Odini ya ku Likuni ndi magazini ya Moni. Mukanena za "nduna yati" lero, dziwani kuti masiku amenewo tsamba loyamba lidali la munthu mmodzi chaka chonse. Kalata ya maepiskopi itatuluka mu March 1992, kenaka riferendamu ya pa 14 June 1993, nyuzipepala zidaphuka ngati bowa. The Nation idayamba chaka chomwecho cha 1993, kudabwera The Independent ya mayi Janet Karim, The Chronicle ya a Rob Jamieson, The Democrat, ndi zina zambiri zimene zidakhala miyezi yowerengeka. Ine ndinkaphunzitsa kusukulu ya kumudzi, ndipo tinkasonkherana aphunzitsi anayi kutuma wa njinga kukagula pa boma. Pepala limodzi linkayenda nyumba zisanu ndi ziwiri mpaka kuthetheka. Palibe ankafunsa ngati n'koyenera kulipira. Tidali ndi ludzu, chifukwa tinkadziwa kukhala opanda nkhani kuti kumawawa bwanji.

Pa nyuzipepala zonse zija, zatsiku ndi tsiku zimene zatsala ndi za makampani awiri, Times ndi Nation, onse malikulu awo ali pa Ginnery Corner ku Blantyre. Awiriwa akagwa, tidzabwerera pomwe tidachoka, kungoti m'malo mwa mawu a munthu mmodzi tidzakhala ndi phokoso la anthu osadziwika maina.

Namondwe:
Aphunzitsi, ulemu wanu. Koma musaiwale kuti makampani awiri mukuwatchulawo mizu yawo ili m'ndale. Times idali m'manja mwa Kamuzu, ndipo Nation adayambitsa ndi malemu Aleke Banda, amenenso adayambitsa Malawi News mu 1959 ngati nyuzipepala ya chipani. Mbuzi imadya pomwe aimangirira.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mbiriyo mwaitchula bwino mwanangu, sinditsutsa. Koma muone zimene zidachitika pambuyo pake. Mu 2010 boma la a Bingu lidalamula maofesi ake kuti asiye kuika malonda mu The Nation chifukwa cha zimene inkalemba. Mu 2011 adakhwimitsa gawo 46 la malamulo a milandu kuti nduna izitha kutseka nyuzipepala, mpaka lidachotsedwa mu 2012 a Joyce Banda atalowa. Boma silivutika kumanga lamulo lolimbana ndi nyuzipepala imene ili m'thumba mwake.

Cholembera_Chakale:
Chitsanzo cha 2010 chimenecho ndiye mtima wa nkhani yonseyi. Ndalama imene mumapereka kwa venda siikwana kusindikiza pepala muli nalo m'manjalo. Mapepala osindikizira, inki ndi zipangizo za makina zonse zimachokera kunja, zimafuna madola. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Onjezani mafuta a galimoto zoyenda usiku kuti nyuzipepala ikafike ku Mzuzu ndi ku Karonga. Chimene chimasunga kampani ndi malonda, ndipo otsatsa akuluakulu m'dziko muno ndi owerengeka: boma, mabanki, makampani a mafoni ndi mabungwe. Mmodzi mwa amenewa akakwiya n'kuchotsa malonda ake, anthu ena salandira malipiro mwezi umenewo. Mkonzi amadziwa zimenezi asanaike mutu wa nkhani. Owerenga olipira akachuluka, mkonzi amakhala ndi poponda pokana foni ya bwana wokwiya. Akachepa, amatsala ndi bwanayo basi.

Venda_wa_paDepoti:
Ine ndagulitsa nyuzipepala pamsewu zaka khumi ndi zitatu. Kale pofika 9 koloko mtolo watha, ndikuitanitsa wina. Lero ogula enieni ndi a m'maofesi amene ndimawaperekera pakhomo, ndi madala ochepa a penshoni. Ena onse amaima, kuwerenga tsamba loyamba lili pansi nditatsindira mwala, n'kumapita. Achinyamata amandipempha kuti atsegule pa masamba a ntchito, ajambule ndi foni, andisiyire kachenje. Sindiwakaniza, ndikudziwa mmene ulova ulili. Koma PDF ija bambo a kuDambo, imandipweteka ine poyamba kampani isanamve. Imafika pa foni zanu 6 koloko ine ndisanamasule n'chingwe chomwe.

Mlimi_wa_kuDambo:
Pepani achimwene, za inu sindinaganizeko. Koma kwathu kuno venda kulibe. Nyuzipepala imathera pa boma, ndipo imafika masana.

Mayi_a_Mapasa:
Tikamakamba za nyuzipepala tisaiwale ntchito zake zina. Ana anga makope awo onse timakutira nyuzipepala zakale, ndipo mwana wanga wamkulu anayamba kugwira mawu a Chingerezi powerenga pachikuto cha kope lake.

Dzungu_la_kuMchinji:
Agogo anga ankapichira chingambwe, koma asanang'ambe ankandiuza ndiwawerengere kaye zili pamenepo. Nanga amayi a mandasi ndi anyamata a chipisi, foni adzakulungira?

Kabaza_wa25:
Za chipisizo a zaumoyo amaletsa, inki ija si yabwino m'mimba.

Mphunzitsi_Wopuma:
Poti mwatchula zowerengera agogo, pali china chimene chimandiwawa. Mlimi ngati mnzathu wayambitsa nkhaniyu akagula nyuzipepala, masamba a chinenero chake ndi angati? Tamvani mu Weekend Nation, Msangulutso mu Nation on Sunday, Tikambe mu Malawi News, ndi Fuko ija yaulere ya Chichewa ndi Chitumbuka. Ndi zabwino, ndimaziwerenga. Koma nkhani zolemera za bajeti, za ngongole za boma, za mtengo wa feteleza, zambiri zimakhala m'Chingerezi cha ku yunivesite. Ku Chichewa kumachuluka za maukwati osokonekera ndi za ufiti, ngati kuti wolankhula Chichewa safuna kudziwa kumene msonkho wake wapita. Komanso kalembedwe. Mawu amodzi omwewo tsamba limodzi alembedwa mitundu itatu. Ine cholembera chofiira chimandiyabwa m'manja.

Namondwe:
Apa ndiye tagwirizana aphunzitsi. Akufuna ndalama za anthu wamba koma amalembera a mataye.

WakuJoni_77:
Moni nonse kumudzi. Kuno ku Johannesburg nkhondo yake ndi yomweyi. News24 idayamba kulipiritsa mu 2020, nkhani zina sungatsegule usanalembetse. Daily Maverick idasankha njira ina: aliyense amawerenga ulere, koma amene angathe amapereka mwakufuna kwawo pamwezi kuti ntchito ipitirire. Ndipo anthu amapereka chifukwa adaona ndi maso zimene atolankhani a kumeneko pamodzi ndi gulu la atolankhani ofufuza la amaBhungane adafukula mu 2017 za banja la amalonda la Gupta. Ine ndimaona kuti njira yachiwiriyi ndi imene ingatithandize kwathu. Munthu wolandira ndalama ya ganyu usamutsekere chitseko, koma ife tili kunja ndi inu a pa malipiro tipereke m'malo mwake. Ineyo m'mawa uliwonse ndimatsegula Nyasa Times, Malawi24, masamba a Times ndi Nation, osaperekapo ngakhale rand imodzi zaka zonsezi. Ndikamatumiza ndalama kumudzi ndimadziwa mtengo wa chimanga chifukwa cha iwowa. Atati atipatse njira yosavuta yolipirira kuchokera kuno, ndilipira.

Kabaza_wa25:
Inu muli ndi marandi bwana. Ife tsiku likayenda bwino ndi ufa ndi mafuta a njinga basi.

WakuJoni_77:
N'chifukwa chake ndikuti ndilipire ine, iwe uziwerenga mphwanga. Sindikukukakamiza.

Namwino_waUsiku:
Ndakhala ndikungowerenga, koma a Kabaza mawu anu oti zonse zili pa Facebook andikumbutsa 2017. Ndinali kugwira ntchito chigawo cha kummwera nthawi ya mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu anaphedwa chifukwa chongoganiziridwa. Ife azaumoyo tinkaopa kuyenda ndi zipangizo zoyezera magazi, mabungwe ena anachotsa antchito awo m'maderamo. Mauthenga ankayenda pa foni ndi pakamwa, aliyense akuti wamva kwa msuweni wake amene anaona. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Amene ankapita kwa apolisi, kwa madokotala ndi kwa mafumu kukafunsa ngati pali munthu ngakhale mmodzi wopezeka atapopedwa magazi anali atolankhani a nyuzipepala ndi a wayilesi. Zomwezonso nthawi ya Covid ndi mabodza a katemera, ndinazionera m'wodi. Namondwe Freddy atagwa mu March 2023, zithunzi za ku Chilobwe zinadzaza mafoni tsiku lomwelo, koma patapita miyezi amene ankabwerera kumisasa kukafunsa kuti thandizo lafika kapena ayi sanali a masamba a pa Facebook aja.

Chatsalira:
Amayi a Namwino, nawonso a nyuzipepala amanama. Mchimwene wanga analembedwa dzina pa mlandu wakuba umene sunali wake, anasokoneza ndi munthu wina wa dzina lofanana. Nkhani inali yaikulu ndi mutu wakuda bii. Kupepesa kunabwera patatha milungu iwiri, timizere titatu pakona ya tsamba lamkati. Kumudzi mpaka lero ena amamuyang'ana ndi diso lija.

Namwino_waUsiku:
Zimenezo n'zowawa ndipo sindingaziikire kumbuyo. Koma onani kuti munali ndi khomo loti mukagogode, ndipo anapepesa ngakhale mochepa. Likanakhala tsamba lopanda mwini mukanapita kuti?

Cholembera_Chakale:
A Chatsalira, pepani kwambiri. Cholakwa chotere chimachitika mtolankhani akangotenga lipoti la apolisi pa WhatsApp osapita kukhoti kukaona munthuyo ndi maso. Ndi ulesi, nthawi zina ndi kusowa kwa mayendedwe komwe ndanena kuja, koma kwa wolakwiridwa zonsezo si chifukwa. Dziwani kuti kuli Media Council of Malawi kumene munthu ungakadandaule popanda loya, ndipo khoti liliponso. Kupepesa kumayenera kuoneka mofanana ndi mmene cholakwacho chinaonekera. Akonzi ambiri amazemba pamenepa, ndipo ndi pamene owerenga olipira muyenera kuwapanikiza.

Namondwe:
Chabwino, nditchulireni nkhani imodzi yokha imene atolankhani athu anafukula okha, osati yochita kupatsidwa ndi wandale wofuna kugwetsa mnzake.

Mayi_a_Mapasa:
Cashgate munaidziwira kuti achemwali? A Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti m'boma, ataomberedwa mu September 2013, amene ankatsata tsiku ndi tsiku za ndalama zopezeka m'mabuti a galimoto, za lipoti la kampani yofufuza za ndalama ya Baker Tilly, ndi milandu imene inatenga zaka kukhoti anali ndani? Ine kukhoti sindinapondeko, koma ndinkadziwa amene wamangidwa ndi amene watuluka.

Namondwe:
Imeneyo inaphulika yokha ndi mfuti. Iwo anangotola.

Cholembera_Chakale:
Kuphulika inaphulika yokha, koma kukhala pa benchi la khoti zaka zitatu ukulemba, pamene anthu ena onse aiwala, ndiyo ntchito imene imadya ndalama. Ngati mukufuna yofukula, onani a Gregory Gondwe a Platform for Investigative Journalism. Mu April 2022 apolisi anawagwira n'kuwalanda foni ndi kompyuta chifukwa cha nkhani yokhudza malipiro a boma ku kampani yolumikizidwa ndi wamalonda Zuneth Sattar, ankafuna awauze amene anawapatsa chikalata. Bungwe loteteza ufulu wa atolankhani la MISA Malawi linachita kulowererapo. Nkhani yotere imatenga milungu, nthawi zina miyezi, munthu osatulutsa china chilichonse. Chipondamthengo sichingalipire ntchito imeneyo. Ndipo mukaiona pa Facebook mawa lake, dziwani kuti oika pamenepo angokopera.

Dzungu_la_kuMchinji:
Ine ndikuona ngati tikulimbana ndi pepala pamene kumudzi nkhani ndi wayilesi. Kwathu timamvera Mudzi Wathu, ena Zodiak, ena MBC. Ku Mangochi ali ndi Dzimwe, ku Nkhotakota ndi ku Mzimba alinso ndi zawo. Mlatho wa bambowa wayilesi ya m'dera ingaulengeze mawa lomwe.

Mphunzitsi_Wopuma:
Zoona, koma tcherani khutu m'mawa. Mawayilesi ambiri amayamba ndi kutiwerengera mitu ya nyuzipepala za tsikulo, ndipo mapulogalamu oimba foni amatola nkhani pomwepo. Chinanso, mawu a pa wayilesi amapita ndi mphepo. Pepala umasunga, n'kudzamuonetsa phungu pa msonkhano wa kampeni kuti bwana, izi mudalonjeza ndinu, tsiku lake ili.

Kabaza_wa25:
Apo pokha aphunzitsi mwanena zoona. Koma ine maganizo anga sanasinthe. Ayambe iwo kubwera ku Area 25 kudzalemba za misewu yathu ndi za apolisi a pamsewu, ndikadzadziona mmenemo ndidzagula.

Mayi_a_Mapasa:
Iwo akudikira inu mugule kuti apeze mafuta obwerera, inu mukudikira iwo abwere. Mpaka liti?

Mlimi_wa_kuDambo:
Ndawerenga zonse kawiri. Kunena zoona, zolipira pamwezi pa foni sindingakwanitse panopa, feteleza ali pakhomo. Koma PDF ija ndisiya kutumiza m'magulu ena, poti ndinkaitumiza m'magulu anayi. Ndalankhula ndi aphunzitsi awiri ndi mlangizi wa zaulimi kuno, tagwirizana kuti tizisonkherana ya Loweruka monga ankachitira aphunzitsi athuwa, wopita pa boma azitigulira. Ndikaona miyezi itatu. Ngati mudzakhalabe nduna zokhazokha ndidzabweranso pano kudzanena. Tsono a Cholembera, za mlathowu ndiyambire pati? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Cholembera_Chakale:
Yambani ndi kusonkhanitsa zinthu zimene mtolankhani sangazipeze ali pa boma. Tsiku limene mlatho unakokoloka. Chiwerengero cha midzi yodalira mlathowo. Kwa mphunzitsi wamkulu mutenge nambala ya ana amene amajomba mtsinje ukadzaza, zili m'kaundula wake. Zithunzi zooneka bwino, koma nkhope za ana zisaoneke. Ngati a komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) kapena ya m'dera (ADC) analembapo kalata kukhonsolo, pezani kope lake ndi tsiku. Kenaka lembani kukhonsolo kufunsa ngati mlathowo uli pa ndondomeko ya chaka chino, ndiponso kuti ndalama za chitukuko za CDF za dera lanu zagwira ntchito yanji. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo si la atolankhani okha, ndi lanunso. Akayankha, yankholo ndi nkhani. Akapanda kuyankha, kusayankhako ndi nkhaninso. Zonsezi mutumize kwa mkonzi ngati kalata, kwa mtolankhani wa pa boma lanu, ndi ku wayilesi ya m'dera monga anenera a Dzungu. Chimodzi chokha ndikupempheni: akabwera musamupatse envulopu. Mukamulandire pa siteji ndi njinga, mumuonetse mtsinje, akumane ndi amayi aja munazungulira nawo pa ngolo.

Mlimi_wa_kuDambo:
Lolemba tili ndi msonkhano wa VDC, ndikaitula kumeneko. Kalatayo tilembe m'Chingerezi kapena m'Chichewa?

Mphunzitsi_Wopuma:
M'Chichewa momwemo bambo, mmene mwalembera pamwambapa. Mukamaliza munditumizire kumbali ndikuonereni kalembedwe musanaitumize.

Venda_wa_paDepoti:
Ikatuluka mundiuze tsiku lake, ndikusungirani makope awiri, ndidzapatsira kondakitala wa minibasi ya kwanuko.